Chimbudzi cha amayi m'mbali mwa msewu

Ndikukumbukira fungo la phula lotentha chaka chimene anakonza msewu waukulu wodutsa kwathu, kufupi ndi Lisasadzi. Ndinali mtsikana wa sitandade faifi. Phula likafewa ndi dzuwa tinkalipondaponda dala kuti tizioneka ngati tavala nsapato, ndipo madzulo amayi ankatikwecha mapazi ndi mwala mpaka misozi.

Chaka chimenecho zinthu sizinali bwino pakhomo. Abambo anali atagwira utenanti pa esiteti ya fodya kwa zaka zisanu ndi ziwiri, koma mwini wake anachepetsa anthu, ife n'kutsala panja. Mkulu wina wa mpingo anatibwereka kamalo m'mbali mwa msewu, pomwe tinamangapo kanyumba kofolera ndi udzu. Abambo ankafuna kuti mvula isanagwe tibwerere kwawo ku Phalombe, komwe munda unali utagawidwa kale pakati pa alongo awo. Amayi sankafuna. Ine ndinkangoopa kusiya sukulu ndi anzanga.

Tsiku lina masana, ine ndi amayi tikusenda chinangwa pakhonde, chilole chachikasu chokhala ndi mawindo ngati basi chinaima pafupi ndi nyumba yathu. Munali azungu odzaona malo, ofiira ngati mbatata ya kholowa, akupita kumpoto. Munatsika mayi wina wamtali, akuyenda mofinya miyendo. Popeza ndinali wophunzira wa pabanjapo, amayi anandikankhira kutsogolo. Ndinaima njo, manja kumbuyo, n'kupereka moni wa m'mawa wachingerezi wa m'kalasi, dzuwa lili paliwombo. Mayiyo anayankha liwu limodzi lokha, ndipo mwamwayi ndinkalidziwa: toileti.

Amayi anagwira pakamwa. Chimbudzi chathu chinali cha mpanda wa mapesi, chitseko chake chiguduli, ndipo pakona pake nkhuku yathu yamawanga inali itasankhapo pofungatira mazira. Koma mlendo sabwezedwa. Analowa. Tinamva nkhuku ikukuwa, mzungu akukuwa, kenako chete. Anatuluka akuseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo anzake asanu anafola pamzere.

Dalaivala wawo, a Nyirenda, bambo wonenepa wa ku Mzimba, anamwa madzi athu n'kunena ndi Chichewa chawo chokoka: "Mama, msewu wonse uwu ndilibe poimika anthu aŵa. Mutamanga chabwino, cha chitseko, ndi madzi osamba m'manja, ine ndiziima pano ulendo uliwonse."

Abambo atamva anaseka mpaka kutsokomola. "Ine, munthu wodziwa kusoka fodya, ndisanduke wokumbira azungu dzenje?"

M'mawa mwake amayi anatenga khasu, ine ndinatenga chidebe chotayira dothi, ndipo tinayamba. Dothi la ku Kasungu m'chilimwe limalimba ngati njerwa. Pofika masana tinali titangokanda pofika m'akakolo. Anthu opita kuchigayo ankaima n'kumafunsa ngati pakhomopo mwamuna anamwalira. Funso limenelo litafunsidwa kachitatu, abambo anadzuka pamkeka, analanda khasu, ndipo anakumba masiku anayi. Anamanga ndi luso lonse la zigafa za fodya: mitengo yowongoka, denga losadontha, chitseko cha matabwa chokhala ndi kachingwe kokokera. Amayi anazira pansi ndi dothi lakuda, ine ndinadzala maluwa m'zitini. Kunena zoona, chinaposa nyumba yomwe tinkagonamo.

Ndiye chilole chija osabwera. Sabata yoyamba inatha, yachiwiri, yachitatu. Anzanga kusukulu ankandifunsa ngati kuhotela kwathu kwafika alendo. Mitambo inayamba kusonkhana, ndipo abambo anayamba kumanga katundu m'matumba. Ine ndikaweruka ndinkakhala pachulu kuyang'ana kummwera, komwe msewu unkanyezimira ngati madzi, n'kumaimirira ndikaona galimoto iliyonse yachikasu.

Chilole chija chinatulukira Lachisanu lina, chikuliza hutala kuyambira patali, china chobiriwira chikutsatira pambuyo. A Nyirenda anali atauza mnzawo. Ndinathamanga kuchoka pachulu paja mpaka kugwa kawiri. Tsiku limenelo alendo anadya chinangwa chonse chomwe amayi anaphika, anagula mtedza wa a Nabanda oyandikana nafe, ndipo wina anajambula nkhuku ija ndi anapiye ake. Madzulo abambo anamasula matumba aja mwakachetechete, n'kunena kuti ku Phalombe kunali kutali kale.

Zina zonse zinabwera zokha. Amayi a m'midzi anayamba kubwera ndi malichero a nthochi ndi chimanga chootcha. Minibasi zinaphunzira kuima. Wina anatsegula tiyirumu, wina pomata matayala, mnyamata wa ku Kaomba n'kuyamba kusema njovu zamatabwa, ngakhale njovu yeniyeni anali asanaionepo. Matenanti ena ochotsedwa m'maesiteti anapeza pogwira. Ine ndinamaliza sukulu pomwepo.

Lero ndikapita kukaona amayi ndimasochera. Pali malo omwetsera mafuta, nyumba zogona alendo zitatu, magetsi, ndi ana okwera njinga zamoto omwe sadziwa kuti pamenepa panali tchire ndi mapesi okhaokha. Alendo ambiri masiku ano amangodutsa liwiro, maso ali pafoni, ndipo oima amathamangira zimbudzi zamadzi za pamalo omwetsera mafuta. Akuluakulu a derali anaikapo chikwangwani chokhala ndi dzina laulemu, lotengera mtsinje wapafupi. Koma kwerani minibasi ku Kasungu, mutchule dzina limenelo, kondakitala adzakuyang'anani ngati mlendo. Mukafuna kutsika kwathu, nenani molimba mtima, anthu onse akumva, kuti mutsikira Pachimbudzi.