Kukamva Mtundu wa Chimfine Changa ku Bentley

Tinanyamuka ku Balga, komwe timakhala kunja kuno, Lachisanu m'mawa, ine ndi azakhali anga a Nabanda. Tinakwera basi, poti galimoto idagulitsidwa ntchito ya amalume ku migodi itatha. Ine ndinalipira theka ndi khadi la ana asukulu. Azakhali analipira yonse, uku akudandaula kuti nawonso akuphunzirabe zambiri.

Nkhani yake ndi iyi. Mlongo wanga Chisomo anamuika impso ina, ndipo ana a m'wodi mwake anagwidwa ndi kachilombo ka chimfine. Kwa iwo chimfine si masewera. Ine ndinali nditakamuona ndikuyetsemula pang'ono, choncho achipatala anandiletsa kulowanso, n'kunditokosa m'mphuno ndi kathonje. Tsopano timapita kukamva ngati ndinabweretsa matendawo ndine.

Azakhali anavala yunifolomu ya Mvano ndi kunyamula ndowa ya mandasi, ati kumlandu sapita chimanjamanja. M'tauni, posintha basi, bambo wina wovala malaya owala a kuntchito anafunsa chimene chimanunkhira. Anapatsidwa awiri, pamodzi ndi mbiri yonse ya impso.

Cha kumasana tinafika ku Bentley, komwe kuli labu yoyezera matenda. Tinasochera pakati pa nyumba zofanana mpaka tinapeza a dokotala ofufuza za tizilombo, mayi wovala nsapato zothamangira. Anakana mandasi mwaulemu, poti chakudya sichilowa mu labu. Azakhali anandinong'oneza kuti mlandu wavuta.

Mayiyo anationetsa chithunzi chonga mtengo wa nthambi. Anati kachilombo kalikonse kali ndi malangizo ake m'kati, ndipo makina akawawerenga amadziwa tizilombo tapachibale. Ndinawamasulira azakhali.

"Iwe Tadala, tafunsa," anatero azakhali. "Kakoka ndi ka kwa yani?"

Tizilombo ta ana onse tinaunjikana pa nthambi imodzi, kusonyeza kuti anapatsirana m'wodi momwemo. Kanga kanali kokhakokha kutali, m'munsi mwa pepala.

"Ndiye n'kobwera," anagamula azakhali. "Ngakhale pamaliro sikangapatsidwe mpando."

Ndinaseka, kenako ndinalira, mamina n'kutuluka, ndipo a dokotala anandipatsira tishu patali. Anati ndikachira ndikamuone Chisomo, koma ndekha, osati ndi kwaya yonse ya azakhali.

Pobwerera tinamuimbira foni Chisomo. Anayankha m'Chingerezi monga mwa masiku onse, kufunsa ngati mandasi atsalako. Ndaphunzira kuti nato tizilombo tili ndi abale. Ndikadzakula ndidzakhala wowerenga mitundu yake, ndipo mandasi a alendo ndizidzalandirira panja.