Mwala wa pa ndime ya achimwene

Mwaswera bwanji nonse. Izi sindinauzepo munthu.

Dzulo pamsika wa Chezi a khonsolo anatifunsa ife ogulitsa ngati tikulola kuti msonkho wa pamsika ukwere pang'ono, kuti akonzere msewu wotsikira kumudzi kwathu. Anati ovomera akweze manja. Mayi wa tomato amene amayala pafupi ndi mipini yanga anandigunda ndi chigongono. "Agogo, kwezani! Kapena mumakonda kukankha njinga m'matope?" Ndinakweza, ndipo ovomera tinachuluka. Koma a khonsolowo atanena kuti makina adzagumula ngalande zonse zakale, mtima wanga unawawa.

Kale msewu uja tinkakonza tokha ndi makasu galimoto za fodya zisanayambe kubwera, munthu aliyense ndime yake. Ine sukulu ndinayamba ndevu zitamera kale, ndiye ndime yanga ankandigwirira malemu achimwene anga a Yohane. Miyala yoyalidwa m'ngalande pokhota paja anasenza okha kuchokera kuphiri, ine ndili m'kalasi ndi tiana. Ankangoseka n'kunena kuti, "Iwe pita, udzatiwerengera zikwangwani msewu ukadzakhala wa tala." Anatisiya ndisanawathokoze.

Ana anga, mukuona bwanji titadzaika mwala umodzi wa pamenepo pa chiliza chawo tikamamanga? Ndiyankheni.

Ine sindinadikire makinawo. Lero m'mawa ndinatenga khasu n'kukazula mwala umodzi, ndipo ndautula pakhonde pa alamu anga, akazi a malemu a Yohane. Atauona sanafunse kumene wachokera, anangoupukuta ndi chitenje.