Bakha Wamasiye wa Amake Nansil

Pyo Dalsu anali munthu wokwatitsa. Anakwatitsa abakha, agulugufe, nsomba, mpheta, ngakhale miyala. Pa chotchinga chilichonse cha mapepala chimene anajambula m'midzi yozungulira mzinda wa Jeonju simukanapeza cholengedwa chili chokha. Pakakhala mbalame, pambali pake pali inzake. Pakakhala mwala pansi pa maluwa, wina wautsamira. Ndi mmene chotchinga cha ukwati chiyenera kukhalira, poti mkwati ndi mkwatibwi akamagwadirana pabwalo, kumbuyo kwawo sikuyenera kuoneka kanthu kosungulumwa. Koma wokwatitsa miyalayo anapitirira zaka makumi anayi ali batchala, akudziphikira yekha mpunga wopserera.

Anabadwira m'banja lopanga mapepala, m'mbali mwa kamtsinje. Bambo ake ankafuna kuti azisinja makungwa ngati abale ake, koma mwanayo ankangoononga mapepala abwino powalemba nkhuku ndi makala. Atatopa kumukwapula, anamupereka kwa mkulu wina woyenda m'midzi kujambula zotchinga. Kwa mkuluyo Dalsu anaphunzira kupanga mafelemu asanu ndi atatu, kuwamata mapepala ndi phala la ufa, n'kuwalumikiza kuti azipindika ngati timakomo. Mbali imodzi amajambulako maluwa ndi mbalame, ya masiku a chikondwerero. Mbali inayo imakhala ya zilembo zakuda, yoimika kumbuyo kwa tebulo la chakudya tsiku lokumbukira akufa. Chimwemwe ndi maliro zimakhala mofulatirana, pakati pali mapepala basi. Nkhondo itatha mkulu uja anali atamwalira, ndipo Dalsu anatsala ndi maburashi ake komanso njinga yolira paliponse kupatula belu.

Anatengeranso kakhalidwe kena kwa mphunzitsi wake: kunyambita burashi kuti nsonga isongoke. Popeza pa chotchinga masamba ndiwo amachuluka, milomo ya Dalsu inkakhala yobiriwira chaka chonse. Sopo analephera, phulusa linalephera. Pakati pa amuna analibe nazo ntchito, koma akangoona mkazi dzanja linkathamangira pakamwa, mawu n'kumatuluka ngati a munthu ali m'mtsuko.

Mnzake wa ponda apa m'pondepo anali Bang Ilman, wogulitsa mapepala pamsika, munthu wosasunga mawu m'kamwa.

"A Pyo, miyala munakwatitsa chaka chatha ija yabereka kale?" ankamufunsa motero anthu ali gulu. "Mukadzatsala ndi utoto pang'ono mudzijambulire mkazi pakhoma. Ameneyo sangakane."

Dalsu ankangoseka. Iye sanali munthu wodandaula. Ntchito yake ankaikonda, ndipo paukwati uliwonse ankapatsidwa mowa wa mpunga ndi malo abwino okhala.

Chaka china, mpunga utangokololedwa, anaitanidwa kumudzi wa Solmi kwa mayi wina wamasiye wosoka zofunda. Anthu ankangoti amake Nansil, potengera dzina la mwana wawo mmodzi yekhayo. Amuna awo anafera kunkhondo mwanayo akuyamwa, ndipo kuchokera pamenepo chotchinga cha pakhomopo chinkatambasulidwa mbali ya zilembo yokha, kamodzi pachaka. Makoswe, amene amakonda phala la ufa kuposa ana, anapezerapo mwayi.

"Ndinu a Pyo okonza zotchinga?" anafunsa mayiwo ataima pakhonde, sizasi ikulendewera m'chiuno. "Chotsani dzanja pakamwa, sindikumva."

Dalsu anachotsa dzanja. Mayiwo anamuyang'anitsitsa.

"Mwadya udzu?"

"Ndi utoto, mayi."

"Bola si matenda. Lowani."

Atatambasula mbali ya maluwa, fumbi linachita kuti kobo. Khoswe anali atadya bakha wamwamuna yense, n'kusiya kansonga ka mchira. Wamkazi anatsala yekha pansi pa tsamba lalikulu la m'madzi, khosi atapotolera kumene kunali mnzake, akuyang'ana bowo. Dalsu anamata pepala latsopano, nadikira kuti liume, kenako anatenga burashi n'kuinyambita.

"Mukutani?" anafunsa amake Nansil.

"Ndibwezeretse wamwamunayo."

"Wakutumani ndani? Ine ndati mutseke bowo. Bakhayo musiyeni, wazolowera."

"Koma mayi, bakha sakhala yekha."

"Uyu akukhala."

Dalsu anapalasa njinga kubwerera kwawo mtima uli m'malere. Chiyambireni ntchito anali asanasiyepo chinthu chopanda mnzake. Mlungu wonse ankangoona kabakha kaja kakuyang'ana pepala loyera, ndipo ankadziuza kuti chikumusautsa ndi ntchito yosamaliza. Tisanamizane, sanali bakha. Anali mayi wa sizasi uja, amene anamuyang'ana pakamwa osaseka, n'kumupatsa msuzi wa nyemba zophukira wotentha kuti amwe asananyamuke.

Chaka chotsatira, nyengo yomweyo, uthenga unabwera: khoswe wabweranso. Dalsu anapeza duwa limodzi lofiira litasowa. Analipapasa bowolo ndi chala. M'mbali mwake munali mowongoka bwinobwino, mopanda ndi dzino lomwe. Anamata, anajambula duwa, anamwa msuzi, ndipo pomanga katundu panjinga anafunsa dzanja lili pakamwa:

"Nanga bakha uja?"

"Musiyeni."

Chaka china khosweyo anadya gulugufe, mochita kuzungulira mapiko ndi tinyanga tomwe. China anadya nsomba. Chaka chilichonse Dalsu ankabwera, ndipo ntchito ya m'mawa umodzi ankaikoka mpaka dzuwa kupendeka. Ankakonzako chitseko cha khola, ankamusemera Nansil pensulo, ankamvetsera amake akudandaula za singano za masiku ano. Ponyamuka funso linali lomwe lija, yankho lomwe lija. Funso limeneli ndilo linali kufunsira kwake konse, ndipo mawu ena analibe. Masiku amenewo mayi wamasiye akakwatiwanso ankakhala ndiwo za m'kamwa mwa anthu, ndiponso mayiwa anali ndi mtsikana woti alere mopanda chitonzo. Nanga iye akanawapatsa chiyani? Milomo yobiriwira ndi njinga.

Bang atamva nkhani ya mabowo owongoka anaseka mpaka kukhala pansi pa mitolo ya mapepala.

"Khoswe wa sizasi ameneyo ine ndikumudziwa, ndinagulako chofunda kwa iye. A Pyo, inu mutu ulipo koma? Munthu akuononga katundu wa banja kuti mubwere, inu mukukafunsa za bakha."

"Akuti ndimusiye."

"Akuti musiye bakha, sakuti musiye iwo. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, akulu."

Dalsu anavomera kuti ndi zoona, nagula mapepala ake, ndipo chaka chimenechonso anakafunsa za bakha.

Nansil anakula akuona zonsezi. Tsiku lina m'nyengo ya masika anatulukira yekha pakhomo pa Dalsu, ali mtsikana wamkulu, nkhope ikuwala. Anali atapeza mwamuna womukwatira, mnyamata wogwira ntchito kusitima, ndipo ukwati unali pafupi.

"Amayi akuti mubwere ndi utoto wonse," anatero. "Akuti bakha uja ajambulidwe. Sindingagwade kutsogolo kwa bakha wamasiye, apongozi angathawe."

Dalsu anadzuka kuti akatenge maburashi. Koma mtsikanayo anali asanamalize.

"Ukwati ukatha, amalume a kumzinda wa Busan akubwera kudzawatenga amayi. Akuti amayi sangatsale okha pamudzi, akazisoka kusitolo kwawo. Nyumba titseka." Anamuyang'ana m'maso, maso akuthwa ngati a amake. "Ndangoti mudziwe, a Pyo. Amayi sanavomere, komanso sanakane. Akuti palibe amene wawauza kuti atsale."

Mawu amene anawadikira zaka zonsezi anafika, koma anafika ngati kutsanzika. Bakha akajambulidwa, ku Solmi kulibenso chomuitanira. Dalsu anachita mantha enieni, oposa a nthawi ya nkhondo.

Anapita, ndipo poti pakamwa panamukanika, anaika zonse m'manja. Anajambula bakha wamwamuna amene sanajambulepo chibadwire: tsumba lonyezimira, chifuwa chofiirira, nthenga za m'mbali zoimirira ngati matanga a ngalawa. Anagwira ntchitoyo masiku angapo pakhonde, akazi a m'mudzi akudutsa ndi miphika ya paukwati n'kumaima kuti aone. Atamaliza anaitana eni ake.

Amake Nansil anabwera akupukuta manja. Anayang'ana nthawi yaitali.

"Ndi wokongola," anatero.

"Zikomo, mayi."

"Sindikuyamikira. Uyu ndikumudziwa, ndi yemwe uja anadyedwa. Mnyamata wa tsitsi losalala, wosadziwa mavuto. Ndinamulira, ndipo ndidzamukumbukira mpaka kufa. Koma tamuonani wamkaziyu, utoto wasuluka, wakalamba akuyang'ana pepala. Akatani naye mnyamata ameneyu?"

Dalsu anafunsa: "Ndifute?"

"Musafute. Patseni burashi."

Anawapatsa. Mayiwo anagwada, naviika burashi m'kambale ka utoto wa masamba. Anapaka mlomo wa bakha wamwamunayo, pamwamba ndi pansi, mopindika, utoto wina n'kudontha pachifuwa.

"Eya," anatero. "Tsopano ndi wa kuno."

Dalsu anayang'ana ntchito yake yabwino koposa itaonongeka, ndipo mmisiri wa mwa iye ndi amene anayamba kulankhula, chitsiru cha munthu.

"Mayi, abakha sakhala ndi mlomo wobiriwira."

"Ena amakhala nawo. Amabwera panjinga."

Kukhitchini Nansil anasiya kudula ndiwo. Dzanja la Dalsu linali litayamba kale ulendo wake wopita pakamwa, koma analigwira ndi linzake, nalitsitsa pabondo.

"Musapite ku Busan," anatero, mawu akumveka bwinobwino mpaka kukhola.

Amake Nansil anapumira m'mwamba, naika burashi pansi.

"Ndapha agulugufe osalakwa angati kuti munene mawu amenewa? Chaka chino ndinatsala pang'ono kudula mwezi wa pachotchingapo."

"Ndimadziwa kuti ndi sizasi."

"Ndimadziwa kuti mukudziwa. Pitani mukasambe m'manja, msuzi ukuzizira."

Tsiku la ukwati chotchinga chinaimikidwa pabwalo, maluwa onse akuyang'ana anthu. Mkwati anagwada, mkwatibwi anagwada, koma maso a anthu anali kwina. Anayamba ndi agogo ena a kutsogolo, anatsina mnzawo, mnzawoyo anatsina wina, mpaka kunong'ona kunafika kumpanda. Aliyense akaona mlomo wa bakha ankatembenuka kufunafuna mlomo wina. Bang anachita kuluma mkono wa malaya ake kuti asasokoneze mwambo, misozi ili mbwembwembwe.

Mlongo wawo wa amake Nansil, wa ku Busan uja, anali yekha wosamvetsa. Pa nthawi ya chakudya anafunsa kuti katundu amanga liti, poti sitima sidikira munthu.

"Achimwene, pitani mukaone bakha," anayankha mayiwo akugawa mpunga.

Anapita, anawerama, anayang'ana. Atadzuka anaona Dalsu atakhala pakati pa alendo, akuseka kukamwa kuli yasa, manja onse awiri atagwira mbale ya mowa. Bamboyo anakanda m'mutu, kenako anakatenga ketulo ya mowa n'kumuthirira yekha, monga amachitira munthu ndi mlamu wake. Azakhali ena a kuchimuna anakwinya nkhope tsiku lonse, ndipo anthu analankhula ndithu, mpaka chisanu chitayamba anapeza nkhani ina.

Dalsu anasamukira ku Solmi ndi maburashi ake, ndipo mpunga wopserera unathera pomwepo. Chotchinga sichinabwererenso kudenga kwa makoswe. Chinaima m'chipinda, maluwa ali poyera. Tsiku lokumbukira bambo ake a Nansil likafika, Dalsu ndiye ankachitembenuza kuti zilembo zakuda ziyang'ane tebulo, nathandiza kuyala mbale, n'kutuluka kukakhala pakhonde kuti mayi ndi mwana alankhule ndi munthu wawo. M'mawa mwake ankachitembenuzanso.

Anajambulabe mpaka maso atayamba kuchita chidima, ndipo anakwatitsa mbalame zina zosawerengeka. Mbiri ya bakha wa ku Solmi inayenda, moti makolo ena obwera kudzaitanitsa chotchinga cha ana awo ankapempha kuti awajambulire wotero, akuti amabweretsa mwayi. Dalsu, amene sankakana ntchito, apa pokha ankapukusa mutu.

"Abakha ndikujambulirani, okongola kuposa uyo," ankatero akumwetulira, milomo ili biriwiri. "Koma mlomowo sindingathe. Si ine ndinaujambula."