Dzino Lotsegulira Mabotolo Lapuma Ntchito

Mwachoma bwanji nonse. Mboni zanga ni akazi anga ba Tisa, amene ananigwira mwendo, na mlamu wanga ba Mabvuto, amene anathawira panja.

Lero napita ku kiliniki ku Chawama na dzino lija limatsegula mabotolo pa maukwati onse a banja lino. Linabooka, ndipo ninaopa kuti azula.

Ba dokota sanazule. Anapaka mankhwala owawasa kuti dzino likhale na timaenje tosaoneka, ati guluu sagwira posalala. Anatsuka, anapaka guluu, anamata, n'kuyatsa kanyali ka buluu.

Apa nikulumbira, abale. M'kuwala kuja ninalowa m'dzino langa. Ninayenda pang'onopang'ono m'tinjira twake ngati m'komboni mvula itasiya, guluu akuyenderera mwakachetechete m'maenje monse, n'kuuma ngati tala. Ninafuna kupempha puloti yomangapo nyumba momwemo.

Ba Tisa akuti ninali kudontha chabe dovu. Musawamvere.

Ba dokota ananidzutsa: "Ba mdala, nyama idyani, chimanga kukutani. Koma botolo limodzi chabe, tizula."

Manje ukwati wa mwana wathu Chiko ni pa Chiweru. Mukuti bwanji, nitaye dzino, kapena mugule chotsegulira, ine nikhale pambali nizichiphunzitsa ntchito?