Pepala Lokulungira Mtedza

Zaka zimene maofesi ankasamukira ku Lilongwe, ine ndinali mmodzi mwa otsala ku Zomba, kalaliki wolandira makalata mu ofesi ina ya makoma achinyezi m'munsi mwa phiri. Zipinda zoyandikana ndi changa zinali zokhoma. Ukamayenda m'khonde unkangomva nsapato zako zokha.

Mlongo wanga wamng'ono anali atamaliza maphunziro ku Chirunga, woyamba kuvala gauni pa mtundu wathu wonse. Tsiku limenelo tinavina mpaka fumbi koboo! Kenako zaka zitatu zinadutsa akugona pabalaza panga ku Zakazaka. Makampani ena ankagulitsidwa, ena kutsekedwa, ndipo otsalawo ankafuna munthu woti anagwirapo kale ntchito zaka zisanu. Akanagwirira kuti, m'mimba mwa amayi ake? Poti sakanangopinda manja, ankakwera kuphiri m'mamawa kukasenza matabwa a anthu ocheka, digiri ili m'sutikesi.

Ndiye ku ofesi kwathu analengeza malo amodzi a ntchito. Iye analemba kalata ndi zilembo zake zokongola zija, zopendekera kumanja, n'kundipatsa.

"Achemwali, muipereke m'manja mwenimweni mwa abwana."

Ndinaiika pamwamba pa anzake. Koma makalata anabwera ngati ngumbi, mpaka tinayamba kuwalonga m'matumba a feteleza. Palibe amene anawerenga ndi imodzi yomwe. Malowo anali ndi mwini wake kale, mwana wa alamu awo a abwana, ndipo m'nyuzipepala anangolengeza kuti aphimbe anthu m'maso. Tsiku lina abwana anati matumbawo akuitana makoswe, ndikawatenthe kuseri.

Manja anga anakana. Ndingatenthe bwanji kulira kwa ana a anthu? Ndinawapereka kwa amayi ena ogulitsa mtedza wokazinga pafupi ndi msika, kuti mapepalawo agwireko ntchito. Ndinkadziona ngati wachifundo. Ya mlongo wanga ndinaifuna pang'ono, koma inali itamira kale, ndipo ndinaisiya.

Iye akatsika kuphiri, utuchi uli m'tsitsi, ankafunsa kuti, "Ayankha?"

"Akuwaonabe, achimwene. Zamaofesi sizifulumira."

Ndinamunamiza choncho miyezi inayi.

Loweruka lina atalandira za ganyu, anati andigulire kenakake. Tinali pamsika, nkhungu itatsika mpaka pakati pa phiri. Ndisanatsegule pakamwa, anali atagula kale mtedza kwa amayi aja, timapepala tiwiri topindidwa ngati fanulo. Wanga ndinangoufumbata. Iye anadya wake mpaka kumaliza, kenako anafunyulula pepala lija, poti munthu wophunzira sataya chinthu chisanawerengedwe.

Sinali kalata yake. Inali ya munthu wina, koma pamwamba panali adiresi ya ofesi yathu ndi dzina la ntchito yomwe ija. Anaiwerenga yonse, mafuta a mtedza atadetsa mizere ina.

"Achemwali, uyutu anakhoza bwino kuposa ine," anatero motsitsa mawu. "Nayenso akumuonabe?"

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anapinda pepalalo bwinobwino n'kuliika m'thumba la malaya, ndipo tinabwerera kunyumba.

Mwezi usanathe anakwera minibasi ya ku Blantyre kuti akapeze basi ya ku Joni. Chaka choyamba anaimba foni kawiri. Kenako zii. Obwera kuchokera kumeneko ndawafunsa mpaka ena amandizemba akandiona.

Atangochoka ndinabwerera kwa amayi aja kukapempha mapepala otsala. Anati atha, anthu anadyera kale. Ndinazindikira tsiku limenelo kuti m'nyumba mwanga mulibe chilichonse chimene iye analemba ndi dzanja lake. Kalata imodzi yokha ndi imene anandisungitsa.

Masiku ano ambiri amagulitsira mtedza m'timajumbo, koma ndikapeza wokulunga m'pepala ndimagulabe, ngakhale mano anga sakuuthanso. Ndimaukhuthulira m'thumba n'kufunyulula pepalalo, kuyang'ana ngati zilembo zake zapendekera kumanja.