Khonde Lalitali la Amayi

Chikombole chija choumbira njerwa chidakalipo kuseri kwa khitchini, masiku ano nkhuku zimaikiramo mazira. Chaka chomwe bambo anamwalira chinandidya manja mpaka ndinkaona ngati zala zanga zitsalira m'dothi. Amayi amati ndinangoumba tinjerwa towerengeka, tokhotakhota. Ine ndikuti theka la nyumbayi ndi thukuta langa, ndipo poti wolemba ndine, zikhala choncho.

Tinali matenanti pa esiteti ya fodya kufupi ndi Kamwendo, koma kwawo kwa makolo anga ndi ku Phalombe. Bambo atatisiya, bwana anafuna kanyumba kake. Malume anatumiza mawu kuti fodya akatha abwera kudzatitenga, tibwerere kumudzi. Ine kumudziko ndinali ndisanapondeko. Ndinkangodziwa kuti ndisiya anzanga, mpira wathu wa majumbo, ndi aphunzitsi omwe ankati mutu wanga ndi wabwino, pakamwa pokha ndi pofunika loko.

Amayi anapempha kamalo kwa mnzawo wa kutchalitchi cha ku Ludzi, n'kuyamba kuponda dothi. Mwera ukuluma makutu, matope ozizira ngati atuluka mufiriji. Uvuni utapsa, utsi wa bulugamu unakhala m'malaya anga mpaka Khirisimasi.

Mkangano unayambira pa maziko. Mmisiri anamanga kufika m'mawondo n'kunena kuti basi. Amayi anati, "Kwezani." Anafika m'chiuno. "Kwezanibe."

Mmisiri anavula chipewa. "Mayi, kuno kulibe napolo, madzi ake ati? Njerwazi zikathera pansi, chipinda chimodzi chiperewera."

Amayi anati chiperewere. Chitseko nacho anachilozetsa komwe mwera umachokera, pomwe mudzi wonse unaufulatira.

Anthu anaseka mpaka kugwira nthiti. Akabaza anapatcha pathu kuti paguwa, ankafunsa ngati Misa yayamba. Ine pokwera khondelo ndinkachita kupumira panjira. Chipinda chomwe chinaperewera chinali changa, moti ndinakulira pabalaza, mphepo ikulowa pansi pa chitseko kudzandiwerenga mafupa. Mpaka lero zimandinyansako, koma pang'ono basi.

Malume anafika tisanafolere, atanyamula matumba opanda kanthu olongezeramo katundu wathu. Anaima pabwalo, kuyang'ana khonde, kuyang'ana chitseko. Kenako anakwera n'kukhala m'mphepete, miyendo ili lendelende.

"Achemwali, iyitu ndi nyumba ya malemu amayi athu," anatero. "Changosowa ndi phiri kutsogoloku."

"Ine ndimaliona, achimwene," amayi anayankha.

Ndinasuzumira nanenso. Kunali mapesi a chimanga ndi mbuzi ya eni ake ikudya sopo wathu.

Kutacha malume anakwera padenga kukathandiza kufolera. Za ulendo sanazitchulenso, matumba anati tiziikamo mtedza. Ine ndinathamanga kukauza anzanga kuti malume aopa khonde, alephera kutitsitsa, ndipo ndinawonjezera kuti analira. Mwina apo pokha sindinaname.

Nthawi imeneyo ndinkaona ngati amayi angomanga nyumba yopusa. Sindinkadziwa kuti munthu akanyamula kwawo n'kudzakumanga kudziko la eni, ndiye kuti watsanzika. Amayi anatsanzika kwawo kuti ine ndisachoke kwathu.