Ntchito Zofiira za a Tionamawa

Kalembera si dzina la pa chiphaso chake. Analipata ali ndi zaka zisanu ndi ziwiri chifukwa cholemba kuseri kwa chitseko ndi choko chotola kusukulu: amene wasesa, amene wathawa mbale, amene wapita kukasewera asanatunge madzi. Ana ambiri a m'nyumbamo anakwapulidwa chifukwa cha chitseko chimenecho, ndipo iye mwini anakwapulidwapo kawiri chifukwa cha chokocho. Sukulu anamaliza bwino, kenaka anaphunzira za kompyuta miyezi isanu ndi umodzi m'kachipinda ka pamwamba pa sitolo ya nsapato. Anakwatiwa ndi woyendetsa lole, munthu wa mawu owerengeka, ndipo ali ndi mwana mmodzi wamkazi. Amene amati mtsikanayu ndi wouma mtima sanamuone akulera azing'ono ake atatu mayi ake ali m'chipatala. Koma zimenezo n'zina.

Ntchito anaipeza pakampani yokonza mafiriji. Kampani ndi dzina chabe. Ndi chinyumba chachitali cha malata kuseri kwa msewu waukulu, mafiriji akufa atandandalika m'mbali mwa khoma ngati odwala odikira dokotala, mabotolo a gasi pakona, ndi kaofesi ka magalasi kokwana tebulo limodzi, mipando iwiri ndi fani yopanda chivundikiro. Okonza analipo anayi, ndipo awiri mwa iwo anali abale ake.

Woyamba ndi amalume ake, achimwene a mayi ake, amene agwira mafiriji zaka makumi atatu. Kuntchito amawatcha a Tionamawa, chifukwa ukawafunsa ngati firiji yatheka, yankho lawo ndi lomwelo. Wachiwiri ndi mlamu wake, mng'ono wa amuna ake, amene anzake amamutcha Liwiro. Ndi mwamuna wansangala, wosasowa choseketsa, ndipo ntchitoyo anamupemphera ndi Kalembera yemweyo.

Ntchito ya Kalembera inali iyi. Munthu akaimba foni kuti firiji yake yasiya kuzizira, iye ankalemba kakhadi mu pulogalamu yogawira ntchito, n'kukatumiza pafoni ya wokonza mmodzi. Wokonzayo akamaliza ankadina batani lolembedwa kuti “Yatha”, kakhadi n'kusanduka kobiriwira. Tsiku likadutsa batanilo lisanadinidwe, kankafiira. Mzere wa Liwiro unali wobiriwira ngati dimba. Wa a Tionamawa unali wofiira kuyambira pamwamba mpaka pansi.

Lolemba lina abwana, mayi wa magalasi amene anatenga kampaniyo amuna awo atamwalira, anaitana onse m'kaofesi kaja. Ena anaima pakhomo chifukwa malo sanakwane.

“Ntchito zachepa, mukuona nokha,” anatero. “Mwezi ukatha mmodzi wa inu anayi apuma. Sindifuna wina adzanene kuti ndakondera, ndiye kompyuta ndiyo inene. Kalembera, pulogalamuyi akuti ili ndi timaapu towonjezera. Sankha kamodzi kamene kangationetse bwino amene akugwira ntchito. Kamodzi kokha, mafoni a anthuwa ndi okalamba, angaphulike m'matumba. Lachisanu undionetse.”

Palibe amene anayang'ana a Tionamawa, koma onse ankaganiza za iwo.

Timaapu timeneti, timapulogalamu tating'ono, timapangidwa ndi anthu ena, osati eni pulogalamu, ndipo tilipo tambirimbiri ngati zovala za pamsika. Kalembera anayesa tambiri, ena n'kutitaya asanamalize n'kuwerenga komwe. Tinatsala titatu.

Koyamba kanali kokongola. Kankawerenga makhadi obiriwira n'kuika kachikho ka golide pa dzina la wopambana, nyenyezi zikugwa pasikirini. Abwana atadutsa n'kukaona anaomba m'manja. “Taonani kachikho! Kameneka ndiye kayankhula.” Kachikhoko kanali pa Liwiro.

Kachiwiri kanali ka mapu, koonetsa pomwe foni ya wokonza aliyense ili. Wokonza wina wamtali atamva anafunsa kuti, “Ndiye ndikalowa kuchimbudzi muzindiona kadontho kataima?”

Kachitatu kanali konyasa, kotuwa, kopanda chithunzi ngakhale chimodzi. Ntchito yake inali imodzi basi: kankatenga nambala ya kumbuyo kwa firiji n'kusonkhanitsa pamodzi makhadi onse a firiji imeneyo. Anthu ambiri sakanapindula nako, poti ndani amalemba manambala amenewo? Koma Kalembera ankawalemba kuyambira tsiku lake loyamba, popanda womutuma, m'kabokosi ka ndemanga.

Atakayatsa Lachitatu m'mawa, makhadi anayamba kufola. Firiji ya mayi wogulitsa mkaka: Liwiro, Liwiro, kenaka a Tionamawa, kenaka zii. Firiji ya kusitolo ya mankhwala: Liwiro, Liwiro, Liwiro, a Tionamawa, zii. Pulogalamuyo inalibe malo olembapo kuti firiji yabwerera, choncho nthawi iliyonse mwini wake akaimbanso, Kalembera ankatsegula kakhadi katsopano. Firiji imodzi yosakonzeka bwino inkapatsa Liwiro zobiriwira zitatu. Kalembera anawerenganso makhadiwo, fani ikumuulutsira mapepala. Mawu a anthu oimbawo ankawazindikira kale, kungoti anali asanawaonepo atafola chonchi.

Masana anapeza amalume ake atakhala pa chitini kuseri kwa chinyumbacho, akumwa tiyi.

“Amalume, n'chifukwa chiyani simudina batani mukamaliza?”

“Ndimadina.”

“Patapita masiku awiri.”

“Nanga ndidine isanathe? Firiji ngakhale yakufa, ukaithira gasi imazizira madzulo amodzi. Ine ndimaimbira mwini wake mawa lake, ndifunse ngati madzi aundana. Mkucha ndiimbanso. Akati zili bwino, ndiye yatha.”

“Kompyuta ikuti ndinu aulesi.”

“Kompyutayo inayamba yanyamulapo kompuresa ya firiji?”

Kalembera anawaonetsa pafoni zomwe anapeza. Iwo anaitalikitsa foniyo kumaso, naiyang'ana nthawi yaitali. Sanadabwe. Mafirijiwo ankawadziwa onse, mpaka ndi agalu a kunyumbazo.

“Zimitsa kameneka,” anatero. “Sankha ka chikho kaja.”

“Akuchotsani.”

“Ine mawondo atha kale. Ana anga anakula. Iwe uli pabanja, ndipo uyo ndi mlamu wako. Ukufuna uzikadya kuti pa Khirisimasi?”

“Ndiye ndiname?”

“Ndani wati uname? Wauzidwa kusankha. Sankha, ukhale chete.”

“Amayi akamva kuti ndakusiyani mukuchotsedwa, ndikawauza chiyani?”

“Amayi ako ndi mlongo wanga, ndikalankhula nawo ine. Pita ukagwire ntchito, tiyi wanga akuzizira.”

Kalembera sanapite kwa abwana. Anadikira Liwiro abwere, n'kumukokera pakona ya mabotolo a gasi. Liwiro anayang'ana makhadiwo n'kuseka.

“Alamu, gasi akatha si ine ndamumwa.”

“Mumathira gasi osafufuza pomwe akutulukira.”

“Kufufuza kumatenga maola atatu. Inu mumandipatsa ntchito zisanu ndi imodzi pa tsiku. Amdala aja mumawapatsa ziwiri. Ndifufuze nthawi yanji, kutulo?”

Kalembera anadziwa kuti zinali zoona. Ankaona mzere wobiriwira n'kumawonjezera makhadi komweko, tsiku ndi tsiku.

“Simunanene bwanji?”

“Ndinene kuti ntchito yandichulukira, ine wobwera dzulo? Alamu, musandiphe. Mwana wanu uja ndani amamunyamula pakhosi?” Anatero akumwetulirabe, koma maso anali atasiya kuseka.

Lachinayi m'mawa amuna a Kalembera anali panja akupukuta magalasi a lole. Nkhaniyo inali itawafika kale.

“Make mwana, ka mapu kaja kakuvuta chiyani? Sikapha munthu.”

“Kamaonetsa komwe munthu wapita, osati chomwe wachita. Abwana akakaona abwerera ku zofiira zija, amalume apita.”

“Amalume ako anena okha kuti atopa.”

“Anena chifukwa cha ine.”

“Nanga amayi adzati chiyani? Mng'ono wanga unamulowetsa ndiwe, umutulutsenso ndiwe?”

Kalembera anali akumanga mwana zingwe za nsapato. Anamaliza, n'kumupukuta pakamwa.

“Akanakhala kuti amalume ndi amene amawononga, ndikanaonetsa zomwezi,” anatero.

“Zimenezo ndiye ndikudziwa,” anayankha amuna ake. “Vuto lako ndi limenelo.” Anakwera lole n'kuliza injini.

Lachisanu Kalembera anaika timaapu tonse titatu pamaso pa abwana, osabisa kalikonse. Anayamba ndi ka chikho, nyenyezi n'kugwa. Anaonetsa ka mapu. Kenaka anayatsa kotuwa kaja.

“Ndasankha aka.”

“Konyasa chonchi? Zilembo zake ngati nyerere.”

“Zilembo ndizikulitsa. Mabatani khumi ndi limodzi a pafoni paja ndichotsa, atsale atatu. Limodzi likhala latsopano, lachikasu, lotanthauza kuti firiji yakonzedwa koma tikuiyang'anira. Likhala masiku awiri lisanafiire. Koma poyamba taonani izi.”

Abwana anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. Anatsitsa makhadiwo pang'onopang'ono ndi chala.

“A Tionamawa ndi amalume ako, si choncho?”

“Inde. Ndipo Liwiro ndi mlamu wanga. Pali chinanso. Ntchito ndinkamuunjikira ndine, zisanu ndi imodzi pa tsiku, chifukwa ndinkakhulupirira zobiriwirazo. Makhadi obwereza ndinkawatsegulanso ndine. Mlanduwu si wake yekha.”

“Ndamva.”

Abwanawo sanakhulupirire kompyuta monga ananenera Lolemba lija. Anatenga foni yawo n'kuimbira mayi wogulitsa mkaka, n'kuika mawu pokweza.

“Wachinyamata uja? Wansangala ndithu, koma mkaka wanga unawonongeka kawiri. Mukamatumiza muzitumiza amdala aja. Amavutitsa ndi mafoni, m'mawa uliwonse ‘aundana, aundana?’, koma firiji ikugwira.”

Anaimbiranso anthu ena awiri. Kenaka anauza Kalembera kuti aike kaapuko pamafoni onse, ndipo atuluke atseke chitseko.

Mwezi utatha, amene anapuma ndi Liwiro. Abwana anamuuza okha, namulembera kalata yabwino yofunira ntchito kwina, ndipo anati zinthu zikadzasintha adzamuitana. Liwiro anabweretsa chikwama cha zida n'kuchiika patebulo la Kalembera kuti aone ngati zonse zilimo.

“Werengani bwino, alamu. Mungadzandipeze ndi sipanala pakompyuta.”

Kalembera anaona zidazo chimodzichimodzi, zonse zinalimo. A Tionamawa anali ataima pakhomo la kaofesi, akupukuta manja ndi kansanza.

“Ubwere kunyumba Loweruka,” anauza Liwiro. “Ndikuonetse kupeza pobooka ndi thovu la sopo. Manja uli nawo abwino, kungoti amathamanga kuposa mutu.”

Liwiro anangogwedeza mutu n'kutuluka. Kuchotsa dzina la munthu mu pulogalamu inalinso ntchito ya Kalembera. Kompyuta inamufunsa ngati watsimikiza, iye anadina kuti inde, n'kugawa makhadi a Liwiro kwa atatu otsalawo, osapitirira atatu pa munthu.

Amalume ake sanamuthokoze. Anakhala sabata yathunthu akumupatsa moni wa pakamwa pokha, chifukwa anamuuza chochita ndipo sanamvere. Batani lachikasu lija analikana masiku angapo, akuti foni si yowauza iwo nthawi yodikira. Pano amalidina, ndipo mzere wawo sufiiranso.

Kunyumba amuna ake anadya chakudya chawo, nasamba m'manja.

“Amayi ati Lamlungu tisapite kwawo.”

“Tonse?”

“Ine ndi mwana tikhoza kupita.”

“Chabwino. Diresi lake labuluu lili pa chingwe, ndilisita.”

Papita miyezi itatu tsopano. Liwiro amathandiza mkulu wake pa lole, ndipo kwa a Tionamawa anapitako kamodzi, Loweruka lachitatu, n'kukhala mpaka masana. Apongozi akakumana ndi Kalembera pamsewu amanyamula mdzukulu wawo, namufunsa za kusukulu, namubwezera pansi, n'kupitiriza ulendo. Kalembera amawapatsabe moni mwaulemu wake wonse, manja pamodzi, ndipo amadikira pang'ono ngati angayankhe. Akapanda kuyankha amagwira mwana dzanja n'kuwoloka msewu, poti kuntchito amatsegula hafu seveni.